Moto wa M'kamwa mwa Apongozi Anga

Apongozi anga ankasuta fodya moto uli m'kamwa. Ndikanena chonchi ana a masiku ano amayesa ndikukokomeza, koma ndi mmene zinalili. Ankapichira chingambwe m'khoko la chimanga, n'kuyatsa, kenako n'kutembenuza nduduyo, mbali ya moto kulowetsa m'kamwa, milomo n'kutseka. Kunja kunkangotsala kanthu koyera ngati akutokosa m'mano. Utsi unali wochepa, ukutuluka pang'onopang'ono m'mphuno. Munthu ukanatha kuwadutsa pafupi n'kuwapatsa moni osadziwa kuti m'kamwamo mukuyaka.

Ine ndine wa konkuno ku Mangochi, tsidya la kum'mawa, kumene makolo athu anakulira pafupi ndi mishoni, kulima ndi kuwedza. Amuna anga anali a kumpoto, cha ku Nkhata Bay. Boma linawatumiza kuno kudzagwira ntchito pa kachipatala kena cha ku Nkopola. Anali wothandizira chabe, koma pakuti panalibe wina wowaposa, aliyense ankangoti adokotala. Tinakwatirana kwawo asanavomere. Kumeneko ankati mwana wawo watola mkazi waulere, wopanda malowolo, ndipo mkazi waulere amachokanso mwaulere. Zaka zinayi zinatha ndilibe mwana, ndiye mawu awowo anayamba kulemera.

Apongozi aamuna anamwalira ndi chifuwa chimene anatsokomola nacho zaka zambiri. Amuna anga ankati ndi fodya anawapha, ndipo fodya ankadana naye koopsa. Wodwala akafika akununkha chingambwe ankayamba walandira ulaliki, jakisoni pambuyo. Maliro atatha anaitanitsa mayi awo kuti adzakhale nafe. Tinakawachingamira ku Monkey Bay tsiku la sitima ya pamadzi. Anatsika mayi wamfupi, wowuma thupi, atasenza kadengu ka ufa wa chinangwa, chifukwa anamva kuti kummwera kulibe chakudya chenicheni. Ndinagwada pa simenti yotentha ija. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kubwerera pamimba, n'kupatsa mwana wawo kadengu.

Tsiku lomwelo amuna anga anawaikira malamulo awiri.

"Ama," anatero, chifukwa kwawo mayi amamuitana choncho, "loyamba, pakhomo pano palibe fodya. Wandilanda kale bambo. Lachiwiri, kuno si kwathu. Pagulu musamayankhuleyankhule. Kuno munthu wa kumpoto akatsokomola, wina amakanena kuti watukwana."

Sankanama. Inali nthawi ya chipani chimodzi, ndipo anzawo awiri a kumpoto anali atatengedwa kale pa nkhani zimene mpaka lero sindizidziwa. Amayi aja anangogwedeza mutu, malamulo onse awiri n'kuwalandira.

Miyezi itatu yoyamba inali yowawa. Sankandiitana ndi dzina lililonse. Akafuna madzi ankauza khoma kuti pakhomo pano madzi ndi osowa. Ndiwo zanga ankati zachuluka mchere, mawa lake zachepa mchere. Ndikasesa ankabwera pambuyo ndi tsache lomwelo. Ine si munthu wofatsa, amene amandidziwa angakuuzeni, koma ndinkameza zonse chifukwa ndinkadziwa chimene anabwerera. Kalata imodzi yopita kumpoto yonena kuti mkazi uja ndi wosabereka ndiponso wamwano ikanakwana. Amuna anga ankandikonda, koma mayi awo ankawaopa.

Mmawa wina amuna anga atapita ku ntchito, ndinawapeza kuseri kwa khitchini atakhala pansi. Anali atafikisa masamba ouma a papaya, akuyesa kupichira m'khoko la chimanga. Manja ankanjenjemera moti masamba onse ankathera pansi. Atandiona sanabise. Anangondiyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti ndi nkhalamba yamasiye imene ili kutali ndi kwawo. Ndinawamvera chisoni, zimenezo n'zoona. Koma ndinaonanso khomo lolowera, ndipo sindibisa.

Loweruka ndinakwera basi kupita ku msika wa kuboma. Pachipata anyamata a chipani anali pomwepo ndi ndodo zawo. Ndinatulutsa khadi la chipani pa mfundo ya chitenje, analiyang'ana chadodolido, n'kundilola. Fodya ankagulitsa bambo wina wachikulire wachisilamu wa kwa Mponda, wovala chikofiya choyera. Anali atayala pa thumba fodya wakuda wopota ngati chingwe. Ankandidziwa, chifukwa amuna anga anawazulapo dzino.

"Sona, mama?" anafunsa m'Chiyao, akumwetulira. "Mkazi wa adokotala kugula sona?"

"Ndi wophera nsabwe za nkhuku," ndinatero.

"Eya, nkhuku za masiku ano zimakonda wakupsa bwino." Anadula chidutswa, n'kuwonjezera kena pamwamba. "Walahi, ine sindinaone kanthu."

Ndinakawapatsa kuseri kwa khitchini komwe kuja, nditagwada. Ananunkhiza, n'kutseka maso. Kenako anati, "Yewu, mkamwana." Yewu ndi zikomo wa kwawo. Mkamwana ndi mkazi wa mwana wako. Ndinali nditadikira mawu amenewo zaka zinayi, ndipo ndinawagula ndi kachidutswa kotalika ngati chala.

Kuyambira pamenepo tinakhala anthu awiri a chinsinsi chimodzi. Manja awo ankanjenjemerabe, choncho anandiphunzitsa kupichira. Umasankha khoko la m'kati, lofewa lija, n'kulinyowetsa pang'ono ndi lilime. Fodya umamudula bwinobwino ndi mpeni, osamufikisa. Ukapichira molimba ndudu imakhalitsa. Ndinaphunzira msanga, mpaka ankati kwawo konse kulibe wopichira ngati ine.

Ndinawafunsa chifukwa cholowetsera moto m'kamwa. Anaseka, ati ndi funso la munthu wa kummwera. Kwawo akazi amakhala kugombe kuyanika usipa mphepo ya mwera ikuwomba. Ndudu ya moto kunja imazima, kapena imatha usanaimve kukoma. Manja amakhala onyowa, sungamaigwiregwire. Ndiponso mkazi sasuta poyera ngati mwamuna, ndi mwano. Ukabisa moto, ndudu imodzi imakufikitsa masana, ndipo m'mutu mumafunda. Anaphunzira kwa amayi awo ali mtsikana, ndipo akazi onse a msinkhu wawo m'mudzimo ankasuta choncho.

Zaka ziwiri zotsatira ndi zimene ndinakhala bwino kwambiri pabanja panga. Anandiphunzitsa kuviika chinangwa ndi kuphika kondowole wosamata m'manja. Tinkaseka limodzi mmene mwana wawo ankayendera, ngati wameza ndodo. Wachibale wina atalemba kalata yoti amuna anga apeze mkazi wa kwawo wobereka, iwo ndi amene anayankha kuti mkamwana wawo alipo kale. Amuna anga ankadabwa, ankati ndawadyetsa chiyani mayi awo. Asanaweruke ku ntchito, amayi aja ankatsuka m'kamwa n'kutafuna masamba a mandimu. Zotsala za ndudu ndinkazikwirira pa phulusa.

Makalata a kumpoto ankabwera kawirikawiri, ndipo amuna anga ankawawerenga mokweza. Nthawi zambiri munali maliro. Mkulu wawo wa apongozi anga anamwalira, kalata inati khosi linatseka. Mnzawo amene anavinidwa naye limodzi anamwalira, inati tsaya linatupa n'kuphulika. Winanso, khosi linatseka. Amuna anga ankapukusa mutu n'kunena kuti ndi fodya ameneyo, mwachita bwino kuleka, Ama. Iwo ankavomera. Mawa lake kuseri kwa khitchini ankandifotokozera kuti mkulu wawo anamulodza wa banja lina pa nkhani ya malire a munda wa chinangwa. Ankanena zimenezi moto uli m'kamwa, ine ndikupichira ya mawa.

Chinayamba ndi tsabola. Munthu amene ankathyola kambuzi n'kumatafuna ngati mtedza anati ndisamathirenso m'ndiwo. Kenako tiyi anayamba kumusiya mpaka azizire. Kenako ndinaona kuti akameza amapendeketsa mutu kumanzere, n'kutseka diso limodzi. Panabweranso fungo lina limene masamba a mandimu sankalitha. Tsiku lina ndikukwirira chotsala cha ndudu ndinapeza khokolo lili ndi magazi.

"Amayi, m'kamwamo muli chiyani?" ndinafunsa.

"Ndinapsa pang'ono. Moto ukapsereza pamapola."

"Papita miyezi iwiri. Tiyeni awone ana anu."

Anandigwira dzanja, mwamphamvu kuposa mmene ndinkaganizira. "Mwana amene ndinabereka ine asuzumire m'kamwa mwanga? Ndipo akasuzumira aona chiyani? Muli bii ngati chikuni. Adziwa kuti ndinamunamiza. Ndiye afunsa kuti, Ama, inu kumsika simupita, amagula ndani? Muyankha chiyani, mkamwana?"

Amuna anga sindinawauze. Kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti ndinakhala chete chifukwa cha ulemu, kuti mkamwana saulula za apongozi ake. Bodza. Ndinkaopa. Ndinkaopa nkhope ya amuna anga, ndinkaopa kubwerera kwathu ndi katundu pamutu, wopanda mwana, anthu akuti uja anadyetsa apongozi ake fodya. Ndinasankha banja langa, ndipo ndinkadziwa kuti ndikusankha.

Choncho tinayamba kuchiza tokha. Ankachukucha madzi amchere. Ndinakatenga mizu kwa mayi wina wa zitsamba. Ndinayesa kuleka kugula fodya, koma atatha masiku atatu osagona ndi ululu anandipempha akulira, ati utsi wokha ndi umene umaziziritsa chilondacho. Ndinakweranso basi. Bambo wa chikofiya uja anafunsa ngati nsabwe zija sizinathebe, ndipo ulendo umenewo sindinaseke.

Mawu awo anayamba kutulukira m'mphuno, choncho analeka kuyankhula mwana wawo akakhalapo. Apa ndi pamene lamulo lachiwiri lija linatithandiza kubisa. Amuna anga ankaona mayi awo ali duu n'kumayamika. Apampando a chipani a m'dera lathu atabwera kudzalemba amayi okaphunzira nyimbo za msonkhano, apongozi anga anangowomba m'manja osatsegula pakamwa. Alendo atapita amuna anga anati, "Mwaona, Ama azolowera. Akudziwa tsopano kukhala kwa eni." Pa chakudya, mwa mwambo wa kwawo, amuna anga ankadya okha patebulo, ife awiri pamphasa kukhitchini. Sankaona kuti mayi awo akungomwa phala. Kuonda ankakuona, n'kuwabweretsera mapiritsi owonjezera magazi, amene ndinkawasinja chifukwa sakanatha kumeza.

Tinatha miyezi isanu ndi iwiri choncho. Munthu wodziwa matenda ankagona chipinda choyandikana nawo, ndipo tochi yake younikira m'kamwa inkakhala pa windo.

Zinaululika Lamulungu lina masana titabwera ku tchalitchi. Kunkatentha kwambiri, ndiye tonse tinakhala pakhonde. Ndinawapatsa apongozi anga phala la madzimadzi m'kapu. Anamwa kamodzi, n'kupendeketsa mutu. Phala lija linatulukira m'mphuno, mbali zonse ziwiri, n'kuyenderera mpaka pachibwano. Anayesa kubisa ndi chitenje, koma mwana wawo anali ataona kale.

Amuna anga anadzuka. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi tochi ndi supuni. Anagwada patsogolo pa mayi awo, atavalabe jekete la ku tchalitchi.

"Ama, yasamulani."

Iwo analuma milomo n'kuyang'ana ine.

"Yasamulani, amayi," ndinatero. "Ine ndatopa."

Anayasamula. Amuna anga anaunika nthawi yaitali. Ine ndinali kumbuyo kwawo ndipo ndinaona nawo, kwa nthawi yoyamba. Kumwamba kwa m'kamwa kunali kwakuda, ndipo pakati panali chilonda chotuwa m'mbali, chachikulu ngati dzira la nkhunda, chitaboola mpaka kumphuno. Anazimitsa tochi, n'kupukuta chibwano cha mayi awo ndi mpango wawo. Kenako anandikodola kuti tipite pansi pa mtengo wa mango.

"Amagula ndani?"

"Ine."

"Chilondachi mwachidziwa liti?"

"Chimanga chisanache."

Anawerenga miyeziyo ndi zala, ndikuona. Ndinkadikira kuti akalipe, ngakhale kundimenya, chinthu chimene sanachitepo. Zikanandipepukira. Koma anangoti, "Tsiku lililonse ndimaunika m'kamwa mwa anthu osawadziwa. Mukanandiuza mwezi woyamba uja, mwina akanadula." Anabwerera pakhonde, n'kukhala pansi pafupi ndi mayi awo.

Tinapita nawo ku chipatala chachikulu ku Blantyre. Madokotala anayang'ana, anayankhulana ndi amuna anga m'Chingerezi, ndipo ndinatolapo mawu amodzi okha, khansa. Anati yafika kale m'khosi, palibe chodula. Anatipatsa mankhwala oletsa ululu n'kutiuza kuti tikawasamalire kunyumba. M'basi pobwerera amayi aja anakoka malaya a mwana wawo n'kuloza kumpoto. Tonse tinamva.

Sitima inali ya mlungu wotsatira. Pa masiku odikirawo ankalephera kugona, ndipo tsiku lina masana anandipangira chizindikiro ndi zala ziwiri, amuna anga ali pomwepo. Ndinaweramitsa mutu. Amuna anga anati, "Apatseni. Kwatsala chiyani?" Ndinapichira iwo akuyang'ana manja anga, akuona mmene ndinazolowerera. Amayi aja anayatsa nduduyo n'kuitembenuza monga mwa nthawi zonse, koma milomo inalephera kuigwira. Inagwera pamphasa n'kuboola kabowo.

Kwawo tinafika nawo amoyo. Anakhala milungu itatu m'nyumba yawo yakale, akumwa madzi ndi kansalu konyowa. Ndinkawasambitsa ndine, ndipo anamwalira ndili pambali pawo, mmawa anthu akupita kugombe.

Ndinkayembekezera kuti pamaliro andidya wamoyo. Ndinali mlendo, mkazi waulere uja, ndipo ndinali wolakwa. Ndinalowa m'nyumba ya siwa, n'kukhala pakona. M'nyumbamo munali amayi achikulire okhaokha, ndipo nyimbo ikaduka ndinkaona tinthu toyera tija pamilomo, apa ndi apo, utsi ukutuluka m'mphuno. Ndinawerenga asanu ndi mmodzi, n'kuleka.

Titaika maliro, mng'ono wawo wa malemuwo anandiitana kuti ndikhale pakati. Anayankhula m'Chichewa chothyokathyoka kuti ndimve bwino.

"Uyu ndiye mkamwana," anauza anzake. "Akulu anga asanatseke pakamwa anandiuza zonse. Mwana wobereka okha anawamana hona," ndiye kuti fodya, "koma uyu, mwana wa eni, sanawagoneke ndi njala ya hona ngakhale tsiku limodzi. Ife tinkamunena. Tinalakwa."

Amayi onse anawomba m'manja. Wina anandifunditsa chitenje chatsopano. Wina anati malowolo kapena opanda malowolo, uyu ndi wathu. Ndinalira kwambiri, iwo n'kumati taonani mmene ankawakondera.

Anabweretsa tiyi. Mng'ono wawo uja anaika kapu yake pansi, n'kuisiya mpaka inazizira. Atamwa anapendeketsa mutu, n'kutseka diso limodzi. Ndinaona bwinobwino. Amuna anga anali panja pomwepo pamodzi ndi amuna anzawo, tochi ili m'chikwama chawo. Kunali kungodzuka n'kuyenda mapazi makumi awiri.

Mayi uja anamasula mfundo ya chitenje, n'kutulutsa kachidutswa ka fodya ndi khoko la chimanga. Anaziika m'manja mwanga.

"Timveko manja amene ankawatama akulu anga."

Nyumba yonse inkandiyang'ana, ikumwetulira. Ndinali nditangolandiridwa kumene, chitenje chikadali paphewa. Ndinanyowetsa khokolo ndi lilime, n'kupichira molimba, monga anandiphunzitsira. Anayatsa, anatembenuza, milomo n'kutseka.

"Yewu, mkamwana," anatero.

Amuna anga ndinawauza za kamezedwe ka mayi uja tili m'sitima pobwerera, titadutsa kale Nkhotakota. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana madzi. Analembera mayiwo kalata yowadandaulira kuti apite ku chipatala, koma kalata siyasamulitsa munthu. Sanandisiye. Tinakhala pabanja mpaka imfa yawo, ana tinadzabereka atatu, ndipo nkhani imeneyi sanaitchulenso. Kungoti kuyambira pamenepo, ndikawauza kuti pakhomo zonse zili bwino, ankapita kukaona okha.

Chaka chisanathe kalata inabwera kuchokera kumpoto. Anaiwerenga mokweza monga mwa nthawi zonse, ine nditakhala pamphasa ija ya kabowo. Amayi awo aang'ono aja anali atamwalira. Khosi linatseka, inatero kalatayo. Kumapeto kwake wolembayo anawonjezera kuti amayi onse a m'mudzi akupereka moni wapadera kwa mkamwana wawo wa manja abwino. Amuna anga anawerenganso mzere umenewo, n'kupinda kalata, n'kundipatsa kuti ndisunge.